Nyumba Yanga ya M'malere ku Yeoville

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu, chifukwa mayi a kunyumba akawerenga izi adzafufuza ngati pali pomwe ndadzikometsera. Palibe amene anandikakamiza. Cholembera ndinachigwira ndekha, masanasana, ndisanalawe ngakhale kadontho, ndipo masamba onse 14 ndinawasaina ndikumwetulira ngati mkwati pa perekaniperekani.

Kwathu ndi ku Dedza, ndiye amene amadziwa chikamwini sandivutitsa ndi mafunso. Bambo anga anaumba njerwa, naziotcha, namanga nyumba ya malata ndi ndalama za kachewere, koma pamudzi pa amayi. Akangosemphana mawu pang'ono, pankapezeka wina wowakumbutsa kuti dothi lomwe apondapo lili ndi eni ake. Agogo anga aamuna anabwera kuno ku Joni pa Wenela, nagona m'komponi ya mgodi pa bedi la simenti, ndipo anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa ulendo wa kumigodi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna oposa 70. Anafika kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Ine ndinatsika basi pa Park Station mu 2009 n'kuyamba kuzungulira: kachipinda ka kuseri ku Rosettenville, galaja ku Turffontein, chipinda chimodzi ku Berea. Zaka 13 ndikupereka lendi, ndikutsitsa wailesi alandilodi akangotsokomola. Mibadwo itatu ya amuna ogona pamalo pa eni. Ndinalumbira kuti zimenezi zithera pa ine.

Ndalama zinalipo, zochepa koma zathukuta. Ine ndimaphika m'lesitilanti ina chakumpoto kwa mzindawu, mayi a kunyumba amaluka tsitsi, ndipo tinali m'chipereganyu cha anthu 10 osadziwa kujomba. Pofika mu 2022 tinali titasunga R230,000. Mayi anali atazipezera kale kolowera: puloti ku Area 25 ku Lilongwe, yomwe achimwene awo anatipezera.

"Bambo a ana, dothi silithawa. Tigule kwathu."

Ine ndinawayankha mawu omwe mpaka lero amandibwezera pamodzi ndi nsima: "Mayi, munthu amagula pomwe akugona."

Ndidziikire kumbuyo pang'ono, chifukwa Yeoville amakopa. Ndi limodzi mwa madera akale kwambiri a Johannesburg. Linakhazikitsidwa mu 1890, patangotha zaka zinayi golide atapezeka, ndipo dzina linachokera kwa Thomas Yeo Sherwell, mzungu wa ku Yeovil ku England. Lili pamtunda, pamsana pa phiri, pomwe fumbi la migodi silinkafika kwenikweni. Kunakhala Ayuda ambiri ochokera kum'mawa kwa Ulaya, ndipo anasiya masunagoge ndi nyumba zosanja za makoma okhuthala. M'zaka za m'ma 1980, lamulo la tsankho losiyanitsa malo okhala likadalipo, kuno akuda ndi azungu anali atayamba kale kugawana masitepe, ndipo Rockey Street inkachezera ndi jazi mpaka tambala. Ufulu utabwera mu 1994, Africa yense anatsikira pompano. Lero ukayenda kuchokera mu Raleigh Street kulowa mu Rockey, mtunda woti kwathu sungaukwerere kabaza, umva Chilingala, Chifalansa, Chiigbo, Chiamhariki, Chishona, Chizulu, kenako wina kuseri kwa mulu wa tomato akukuwa kuti "Aise!" Pamsika pali chigwada chosinja chomwe anzathu a ku Congo amati pondu, mafuta ofiira a kanjedza, nthochi zophika zazitali ngati mkono wa mwana, nsomba zouma zankhope zomwe sindinazionepo ngakhale ku Salima, ndi usipa wathu wobwera pa basi. Munthu wa mapoto ngati ine, msika umenewu unandikoka ndi mphuno. Anzanga amagula nyumba atayang'ana maziko, ine ndinagula nditanunkhiza msewu.

Ejenti anali mnyamata wa nsapato zonyezimira, wolankhula ngati wailesi. Anati tikumane Loweruka 11 koloko m'mawa, ndipo tsopano ndikudziwa chifukwa chake: ndiyo nthawi yomwe dzuwa limalowa bwino pabalaza, ana apita kosewera, ndipo aliyense watunga kale madzi. Nyumbayo ndi ya nsanjika zisanu, yomangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ya makhonde okhota ngati nthiti za Ilala. Pachitseko cha chikepe panali pepala lonena kuti chikukonzedwa. Pepalalo linali litafiira ngati fodya wa m'chigafa, tepi yake itauma n'kupindika, koma ine ndinawerenga mawu okha. Tinakwera masitepe 72 mpaka pa nsanjika yachinayi, ine wefuwefu, ejenti akulankhulabe.

Atatsegula chitseko, nzeru zinandithawa. Pansi panali timatabwa ting'onoting'ono toyala mopingasa ngati mphasa yolukidwa ndi mmisiri. Denga linali kutali, loti ungakoleze mbaula osatsamwa. Makoma ukawagogoda, chomva kuwawa ndi dzanja lako. Nditatulukira pakhonde ndinaona Ponte, chinyumba chozungulira chija cha nsanjika 54 chomwe chinatha kumangidwa mu 1975, chili poteropo ngati nkhokwe ya chimphona. Chapafupi panali thanki yakale ya madzi ya Yeoville, ya zaka zoposa 100, itaima pa miyendo yake yachitsulo, ndi kaphiri komwe anthu ovala zoyera amapemphera m'mawa ndi madzulo. Ndinajambula zithunzi mpaka foni kutentha. Mpope sindinatsegule. Swichi sindinakhudze. Chipinda chogona chinali chokiya, ndipo ejenti anati muli mnyamata wosamalira pamalo, wagwira ntchito usiku, tisamudzutse. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinayamba kunong'ona ndi kuyenda monyang'ama m'nyumba yomwe ndinali pafupi kuiperekera R210,000.

Mabanki awiri omwe ndinayesako anandikana ngongole mwaulemu atangomva dzina la dera ndi kuona mtundu wa pasipoti. Wanzeru akanadzifunsa kuti anthu odziwa ndalamawa akuona chiyani. Ine ndinati ndi kaduka, n'kuyamba kudzitama kuti ndigula kashi.

Ku ofesi ya loya wosamutsa umwini, pa tsamba lachitatu panali liwu lolembedwa mopendekera: voetstoots. Ndinaliona kawiri konse. Tsamba loyamba, pomwe panali dzina lenileni la wogulitsa, ndinali nditalidumpha pothamangira mtengo, ndipo poti ejenti anandiuza kuti mwini fulati ndi mzungu yemwe anasamukira ku Australia, ndinangoti dzina lake ndi limeneli. Madzulo ake ndinauza mayi a kunyumba kuti tagula kwa a Voetstoots, anthu aulemu, osavuta pa mtengo. Ndinauzanso a chipereganyu. Panatha miyezi ndisanadziwe kuti ndi liwu la Chiafrikaans lonena za kukankha chinthu ndi phazi: tenga momwe chililimu, zilema zooneka ndi zobisika zonse ndi zako, pokhapokha utabweretsa umboni woti wogulitsa ankachidziwa chilemacho n'kuchibisa dala. Umboniwo ukautenge ku Australia. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Msonkho wosamutsira umwini sindinalipire, chifukwa chaka chimenecho nyumba zosapitirira R1 miliyoni zinalibe msonkhowo, ndipo ndinalengeza zimenezi ngati kuti boma landichotsera ine ndekha. Koma loya ndi a ku ofesi ya zikalata za malo anadula zawo, ndipo ndalama yomwe mayi anaiikira padera kuti ikhale ya sofa inasanduka ya mipando iwiri yapulasitiki.

Patatha miyezi itatu dzina langa linalowa m'kaundula. Ndinapereka notisi kwa alandilodi, mwamwano pang'ono, ndisabise, n'kubwereka bakkie ya mnzanga. Firiji tinaikweza masitepe 72 anthu atatu, tikumapuma pa nsanjika iliyonse ngati onyamula bokosi la maliro. Ndikulimbana ndi kiyi, chitseko chinatseguka chokha kuchokera m'kati. Panaima bambo wa vesiti, mswachi uli kukamwa, nandilonjera m'Chizulu.

"Mayo ine!" ndi zokhazo zomwe zinatuluka.

Nkhope yake inawala. "Aa, ndinu a kumudzi? Lowani achimwene, lowani! Ine wa ku Mangochi."

Pabalaza paja panali patadutsa mawaya, pamawayapo makatani, ndipo makataniwo anadula chipinda panayi. Munkagona anthu asanu ndi mmodzi. Loweruka lija anangowachotsa makataniwo ndi kuunjika matiresi m'chipinda chokiya chija, momwe ine ndinkaopa kudzutsa munthu. Wosamalira pamalo uja, yemwe anali bambo wa vesiti yemweyu, anatulutsa pepala m'chikwama cha pulasitiki: mgwirizano wa lendi wosainidwa bwinobwino, wotsala ndi miyezi isanu ndi itatu. Loya anandiuza pafoni, ndi mawu ozizira ngati a nesi wa usiku, kuti kuno kuli lamulo lakale la Chidatchi lotchedwa huur gaat voor koop, kutanthauza kuti lendi imatsogola, kugula kumabwera pambuyo. Wogula amalandira nyumba pamodzi ndi wa lendi wake. Anawonjezera kuti lamulo la 1998 limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo ndikayerekeza kusintha loko, wolakwa ndikhala ine. Lamulo limeneli ndi labwino, sindilinyoza, zaka 13 linkatchinjiriza ine ndemwe. Kungoti tsiku limenelo ndinali nditaima mbali yolakwika ya chitseko, ndi firiji.

Mayi ndi ana anapita kwa mng'ono wawo ku Turffontein osatulutsa liwu, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti bola kukalipiridwa. Ine ndinalibe kolowera. Wa ku Mangochi uja, munthu wachifundo, anati mwamwayi malo a kufupi ndi khonde mwangotuluka munthu, ndipo poti ndine wa kumudzi andichotsera: R1,200 pamwezi. Ndinakhala miyezi iwiri kuseri kwa katani ya maluwa ofiira, pabalaza panga, ndikupereka lendi kwa munthu yemwe ankayenera kupereka lendi kwa ine. Yanga ankaifuna pa 1. Yake inkabwera Mulungu akalola. Usiku wina anasuzumira pa katani n'kundipempha kuti nditsitseko wailesi.

Ndinatsitsa.

Potsiriza ndinakongola R6,000 kuchipereganyu n'kumupatsa ngati yosamukira, ndipo matiresi ake ndinatsitsa ndine. Anapita ndi mababu onse ndi chivundikiro cha chimbudzi, ati anagula yekha. Timalonjerana bwino pamsika mpaka lero, amandifunsa kuti nyumba yathu ija ili bwanji.

Sabata yomwe banja linalowa, malume anaimba pa WhatsApp kuti aone chomwe mphwawo wachita ku Joni. Ndinawazungulitsa ndi foni mpaka pakhonde.

"Zaoneka, mphwanga. Nanga malire ali pati? Wadzala nkhadze?"

"Malire ali pakati pa khoma, malume. Theka la khoma ndi langa, theka la mnansi."

"Nanga pansi?"

"Pansi pali m'busa wa ku Congo."

"Wamoyo?"

"Wamoyo, malume."

"Pamwamba?"

"Mayi wa ku Cameroon."

Anakhala chete, ine ndikumva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo. "Ndiye iwe wagula mpata wa pakati pa anthu awiri."

Malume sanapite patali ndi sukulu, koma lamulo la 1986 la nyumba zogawana chotere analimasulira molondola kuposa loya. Chako ndi kuchokera pakati pa khoma kufika pakati pa khoma linalo, pakati pa simenti ya pansi kufika pakati pa ya pamwamba. Zotsalazo, masitepe, denga, chikepe, mapaipi akuluakulu ndi dothi lenileni lija ndinkalifuna, ndi za nonse, aliyense ndi gawo lake molingana ndi kukula kwa fulati yake. Ine ndili ndi magawo atatu pa 100 alionse a chikepe chakufa. Ndipo aliyense wogula amalowa m'bungwe la eni mafulati, lomwe kuno amati body corporate, afune asafune, monga momwe mwana amabadwira m'mbumba osafunsidwa.

Mbumba imeneyi inandilandira ndi kalata pansi pa chitseko. Levi ya mwezi ndi mwezi, R1,450. Pamwamba pake levi yapadera ya denga ndi chikepe, R900 pamwezi kwa zaka ziwiri, yomwe anagwirizana ine ndisanagule, koma lamulo limati zotsala amasenza ndi mwini watsopano. Pamodzi R2,350. Lendi yomwe ndinkaithawa ku Berea inali R2,500. Ndinatenga pensulo n'kupeza kuti ndikupulumutsa R150 pamwezi, ndipo ndalama zanga zidzabwerera pakatha zaka zoposa 116. Apo n'kuti ndisanaphatikize msonkho wa khonsolo. Mayi a kunyumba anayang'ana pepalalo nati, "Munthu amagula pomwe akugona," n'kubwerera kukhitchini.

Mwa mafulati 32, olipira levi tinali 11. Eni ena ali ku London, ena anamwalira ndipo ana awo akukanganabe, ena sadziwika konse, koma pakutha pa mwezi pamabwera galimoto ya magalasi akuda kudzatolera lendi.

Giza inaphulika mu Julaye 2023, pakati pa chisanu chija cha ku Joni cholowa m'mafupa. Ndi thanki ya madzi otentha yobisika m'kabati pamwamba pa bafa, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndili nayo, poti tsiku logula ndinali kalikiliki kujambula Ponte. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinkalota mvula ikugwa pa malata a bambo ku Dedza, loto lokoma. Nditaponda pansi, madzi m'kakolo. Timatabwa tanga tokongola tija tinali titamatuka, tikuyandama pabalaza ngati tizingalawa ta ana.

Sipanapite nthawi, chitseko chinagwedezeka. M'busa wa pansi uja anaima atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, pambali pake mwana wake wamkazi wa zaka 10, yemwe anamudzutsa kuti amasulire. Madzi anga anali atadutsa malire a pakati pa simenti aja n'kugwetsera pulasitala pa kiyibodi ya mpingo. Abusa analankhula Chifalansa chosakaniza ndi Chilingala kwa mphindi ziwiri zathunthu, mitsempha ya m'khosi ili njo, chala chikuloza kumwamba, kenako ine, kenako pansi. Mwanayo anadikira kuti amalize, nayang'ana mapazi ake, n'kunena m'Chingerezi chaulemu kuti, "Bambo akuti Mulungu akudalitseni." Mwana ameneyu adzakhala kazembe.

Nyumba zotere zimayenera kukhala ndi inshuwalansi ya bungwe, ndipo nthawi zambiri giza ikaphulika imathandiza. Yathu inali itafa kalekale, chifukwa cha 21 osalipira aja. Giza yatsopano R9,000, kiyibodi R4,500 yolipira pang'onopang'ono. Pulambala wa ku Zimbabwe yemwe anabwera anadula kachidutswa ka paipi n'kundionetsa m'kati: dzimbiri linali litadzaza, kutsala kabowo kolowa udzu umodzi. "Mdhara," anatero, "mapaipi awa anabadwa agogo anu asanabadwe." Ndinafuna kumuuza kuti agogo angawo mwina anakumba nawo golide wogulira mapaipiwo, koma ankawerengera pa ola.

Za madzi ndidutse mwachangu, chifukwa msana umayamba kupweteka ndikazikumbukira. Mu 2023 magetsi ankathimathima masiku oposa 300 m'dziko muno. Madzi athu amakwera ndi pampu kupita m'thanki ya padenga, ndiye magetsi akapita, mpope umangotsokomola. Magetsi akabwera, pamatulukira vuto lina: nyumba yonse ili ndi mita imodzi ya madzi, olipira 11, osamba onse, ndipo ngongole ikakula madzi amachepetsedwa kwa wolipira ndi wosalipira yemwe. Ndinagula zigubu zinayi za malita 20. Ndimakwera nazo ziwiriziwiri, ndikafika pakhonde n'kumayang'anizana ndi thanki yakale ija ili phee pa miyendo yake. Amayi atamva anaseka mpaka foni kugwa. "Mwana wanga, ku Joni unapitira kukatunga madzi? Kuno mjigo uli kuseri kwa tchalitchi, ndipo amuna satunga."

Pa 31 Ogasiti chaka chomwecho kuseka kunatha. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzinda, inapsa usiku, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Inali yodulidwadulidwa m'tizipinda ndi matabwa ndi nsalu, ndipo ambiri anakanika kutuluka chifukwa njira zinali zotseka. Ine kuseri kwa katani ndinali nditagonako. Ndinkadziwa momwe kandulo imakhalira pafupi ndi nsalu magetsi akathima. M'mawa mwake ndinatsika masitepe a kuseri, othawira moto aja, kwa nthawi yoyamba chigulireni. Pansi pake ndinapeza chipata chomangidwa unyolo, loko wake wamkulu ngati bango la maboloma. Chozimitsira moto chinalipo chimodzi, kapepala kake kakusonyeza kuti anachiyang'ana komaliza mwana wanga woyamba akukwawa.

N'chifukwa chake ndinapita ku msonkhano wa pachaka wa eni mafulati, ndipo ndikufuna zidziwike kuti ndinapita ndi funso limodzi lokha.

Tsiku loyamba tinabwera anayi. Lamulo limafuna kuti pakhale eni okwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti, apo ayi mumadikira theka la ola n'kubalalika, kudzakumananso sabata yamawa nthawi yomweyo, ndipo pamenepo amene abwera ndi omwewo. Sabata yamawayo tinakwana asanu ndi awiri, m'chipinda cholowera, pafupi ndi chikepe, magetsi atathima, tikuunikirana ndi mafoni ngati osaka ngumbi. Panali gogo wachizungu wa pa nambala 2, yemwe analowa m'nyumbamo Ponte isanathe kumangidwa ndipo amasunga zikalata zonse za bungwe m'zitini za mabisiketi. Panali wa ku Ethiopia wa golosale ya pakona, mwini mafulati awiri, mphunzitsi wa ku Zimbabwe, wa ku Nigeria wokonza magetsi, mayi wa ku Cameroon, ndi abusa. Nkhani inkayenda m'zilankhulo zitatu nthawi imodzi. Ine ndinali nditangoweruka kumapoto, ndipo penapake ndinasinza. Nditadzidzimuka, kunali zii, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Ndinati mpata ndi umenewu, n'kukweza dzanja kuti ndifunse yemwe amasunga kiyi wa loko uja.

Anaomba m'manja. Gogo uja anali atangofunsa amene angadzipereke kukhala wapampando.

Ndinayesa kufotokoza, koma mphunzitsi anali atalemba kale, ndipo abusa anali atandisanjika dzanja pamutu, akupemphera m'Chifalansa. Dzanjalo linkalemera ndendende ngati kiyibodi.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Tcheya. Ana amandiitana choncho pamasitepe, a galimoto ya magalasi akuda amandiitana choncho mwanjira ina. Chimbudzi chikatsekeka pa nsanjika yachiwiri, amagogoda kwa ine. Wina akakazinga nsomba youma ndipo wina wadana ndi fungo, mlandu umabwera kwa ine, ngati nyakwawa yopanda nkhuku ya chindapusa. M'zitini za mabisiketi ndinapezamo ngongole ya kukhonsolo yoposa mtengo wa fulati yanga katatu, ndipo magawo atatu pa 100 aja ndi anga. Ndinaphunzira kuti kuyambira 2016 lamulo limafuna kuti bungwe lililonse likhale ndi thumba la ndalama zosungira ndi dongosolo la zaka 10 la zokonzakonza. Dongosolo lathu lili pa tsamba limodzi la kope la mwana wanga, thumba lathu mulibe choti chigwe ukalitembenuza. Ndikudziwa tsopano kudzaza mafomu a CSOS, ofesi yomva madandaulo a m'nyumba zogawana, ine amene ndinadumpha tsamba loyamba la pepala langa lomwe.

Kiyi wa loko sanapezeke. Wa ku Nigeria anabwera ndi chopukusira chake n'kudula unyolo, wa ku Ethiopia anapereka ndalama ya zozimitsira moto zinayi, ndipo olipira levi tafika 14. Mpando ulinso ndi zake: mayi wa pamwamba amatsitsa mbale ya ndolé akafuna kuti ndiiwale za kuchedwa kwake, khofi wa pagolosale sindilipira, ndipo amayi abusa amatumiza pondu ndi mwana kazembe uja, ngakhale kiyibodi ndatsala ndi miyezi iwiri. Lamba ndamasula bowo limodzi. Mayi a kunyumba amaluka tsitsi pakhonde, makasitomala a mayiko anayi, ndipo amadziwa kale kutsutsa mtengo m'Chilingala. Ndikuwaganizira kuti derali amalikonda kuposa ine, koma sangavomere ndili moyo.

Puloti ya ku Area 25 ija anagula ndi alamu anga omwe aja. Amatumiza zithunzi mokhulupirika: maziko, pawindo, lintala, malata. Chithunzi cha malata chitafika, ndinaimbira ejenti wa nsapato zonyezimira kuti agulitse. Anandikumbukira bwino. Anati R150,000 ikhoza kupezeka, "chifukwa chikepe chija, bwana, anthu masiku ano amafunsa." Ndinati ndigulitsa ndekha.

Apa ndiye pali tchimo lenileni lomwe ndalembera zonsezi. Anabwera mnyamata wa ku Ntcheu, woyendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya, wosunga ndalama zake mwakhama, maso odzaza ndi njala yomwe ndinaizindikira. Nthawi ndinasankha ndine: Loweruka, 11 koloko. Pepala la pachikepe linali loyera bwino, poti monga Tcheya ndinali nditalilembanso dzulo lake. Zigubu ndinazibisa m'chipinda chogona n'kukiya. Pomwe timatabwa tinamatuka ndinayalapo kapeti. Tinakwera masitepe ine ndikulankhula ngati wailesi, osapuma, ndipo ndinadabwa kuti sizivuta. Mnyamatayo anapita molunjika pakhonde, natulutsa foni. Mpope sanauyang'ane n'komwe. Atakhuta kujambula, anakhala pa mpando wapulasitiki n'kuyamba kutsegula mapepala omwe ndinakonza, akudumpha tsamba loyamba. Pa lachitatu anaima.

"Achimwene, a Voetstoots amenewa ndi ndani?"

M'khitchini mthiko unasiya kugunda poto.

"Auzeni, bambo a ana. Si anzanu aja aulemu, osavuta pa mtengo?"

Ndinamugwira dzanja mnyamatayo n'kupita naye pasinki, ndinatsegula mpope. Unatsokomola katatu, chifuwa chenicheni cha agogo anga, n'kulavula kadontho kofiira. Ndinakweza kapeti. Ndinatsegula chipinda chogona. Anayang'ana zigubu, nayang'ana ine, nathokoza mwaulemu ngati wochoka pamaliro, ndipo ndinamumva akutsika masitepe, poyamba pang'onopang'ono, kenako awiriawiri.

Ndisanakhale pansi, wina anali akumenya kale chitseko ndi chikhatho. "Tcheya! Tcheya! Pampu ija ikutuluka utsi!"

Mayi anandipatsira tochi osatembenuka.